Tsiku Lojambula Apongozi

Mukadzafika kwathu ku Mfuwe, musadzafunse za fulemu yopanda chithunzi yomwe ili pakhoma la pabalaza. Amake Tiza akayamba kufotokoza, tiyi amazizira m'kapu. Bola ndikuuzeni ndekha, ngakhale mpaka lero sindidziwa bwinobwino pomwe ndinalakwa.

Ine kwathu ndi kumtunda, ku Katete. Ndinatsikira kuchigwa kuno kudzagulitsa zitsulo za njinga pamsika, kenako n'kukwatira mkazi wa konkuno, wachikunda. Chaka china ndinagula kamera yakale kwa mnzanga woyendetsa alendo okaona nyama. Azungu ankajambulira njovu, ine n'kumajambulira maukwati ndi ana obatizidwa. Posakhalitsa anthu anayamba kunditcha a Kamera, ndipo ndinayamba kudzimva (sindibisa).

Tsiku lina amake Tiza anabwera ndi fulemu yatsopano.

"Abambo a Tiza, Mfuwe yonse mwaijambula, koma amayi anga alibe chithunzi, kupatula ka pachitupa kaja kooneka ngati akuthawa njati. Akukalamba amayi. Ndikufuna nkhope yawo pakhoma pano, atakhala ndi ana awo onse."

Mwayi unalipo. Mlamu wanga Yohane anali atabwera kuchokera ku Kitwe patapita zaka zambiri, ndipo ankabwerera Lolemba. Ndinavomera msangamsanga, osakumbukira chinthu chimodzi: ine ndi apongozi sitiyang'anana. Kwathu mwambowu unayamba kufooka, koma kumudzi kwa akazi anga, cha ku Lupande, ukadali wa moto. Tikakumana panjira, mmodzi amalowa patchire osafunsa n'komwe zomwe zili m'tchiremo. Mayiwo ndinkawadziwa mawu ndi msana basi.

Tinafika Lamulungu masana, dzuwa la Okutobala likuwotcha pamutu. Ndinagwada moyang'ana nkhokwe.

"Mwaswera bwanji, amayi?"

"Taswera, atate, kaya inu?" anayankha atayang'ana kukhitchini.

Anthu atafola pansi pa mtengo wa mango, mpamene mutu unaima. Ndijambula bwanji munthu wosati ndimuyang'ane? Ndinanong'oneza Yohane, iye n'kuseka mpaka nkhani inafika kwa akuluakulu. Malume a akazi anga, a Sakala, anati palibe mlandu chifukwa pakati pali galasi. Azakhali anakana kwamtuwagalu.

"Diso ndi diso, a Sakala. Nanga wovala mandala ndiye kuti saona?"

Mkangano unakula. Wina anafunsa ngati mlandu uli pa woyang'ana kapena pa woyang'anidwa. Wina anati nanga chithunzicho chikapachikidwa, mkamwini azidutsa bwanji pabalaza pake. Ine ndinangoima ndi kamera m'khosi, ndikugwedezera mutu aliyense wolankhula. Apongozi anali atakhala kale pampando pakati pa ana awo, koma atatembenukira kumunda wa thonje.

Apa aphunzitsi a Mwale, oyandikana nawo nyumba, anatambasula dzanja.

"Bweretsani makinawo ndijambule ine, inu mungondionetsa podina."

Anzanga, kumwamba kunanditumizira chipulumutso, ine n'kuchibweza. Ine a Kamera, ndipereke kamera kwa munthu wa choko, kuukwati kwanga? Ndinati makinawa ndi ovuta, amafuna munthu wowazolowera. (Podina ndi pamodzi pokha. Ngakhale Tiza amapadziwa.)

Pomaliza azakhali anagamula kuti ndifunde chitenje kumutu pamodzi ndi kamera, galasi lokha lisuzumire kunja. Akuti apongozi akapanda kundiona ndikuwayang'ana, ndiye kuti sindinawayang'ane. Sindinamvetse, koma onse anavomera, ndipo nanenso ndinavomera.

M'chitenjemo munali ngati mu uvuni wa njerwa. Thukuta linkalowa m'maso. Kunja ndinamva akazi anga akunyengerera: "Amayi, tembenukani, abisala." Ndinakokera chithunzi pafupi monga ndichitira nthawi zonse, ndipo mwadzidzidzi nkhope inadzaza kagalasi konse. Maso aja, kampata ka m'mano kaja: amake Tiza enieni, koma a imvi, akundiyang'ana ine ndendende.

Khosi linagwa lokha, mmene lakhala likugwera zaka zonsezi, ndipo manja anatsatira khosi. Ndinatsinzina n'kumangodina, kudina, kudina, uku ndikukuwa kuti, "Sekani! Sekaninso!"

"Zatuluka?" anafunsa Yohane nditavundukula.

Kuti ndione zithunzizo pomwepo, ndiye kuti ndiyang'ana apongozi pamaso pa malume ndi azakhali, wopanda chitenje. Mkangano uja ukanayambiranso. Ndinazimitsa kamera.

"Zatuluka bwino kwambiri, alamu."

M'mawa mwake Yohane anakwera minibasi ya ku Chipata, ine n'kupita ndi akazi anga kotsukitsa zithunzi. Mwini malo anatsegula choyamba pakompyuta, anandiyang'ana, anatsegula chachiwiri. Mapazi. Chachitatu, mapazi. Nsapato zonyezimira za Yohane, patapata wa azakhali, nkhuku ikudutsa. Pakati penipeni panali mapazi a apongozi, ong'aluka zidendene, ataunjikana mwaulemu. Anatuluka bwino zedi, mng'alu uliwonse ukuoneka. Chimodzi chokha chinali chosiyana: maluwa a chitenje chomwe ndinafunda.

Amake Tiza sanakalipe. Bola akanakalipa. Anayang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Achimwene afika kale ku Chipata," n'kupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Pamenepo ndinamva chisoni chenicheni, ndipo dzina la a Kamera linandilemera.

Anatsukitsa chimodzi n'kupita nacho kumudzi, ndikuganiza kuti kukandineneza. Ndinakonzeka kuitanidwa pabwalo. Koma madzulo anabwera nkhope ili gwa, nkhuku yamoyo ili m'khwapa.

"Nayi mphatso yanu. Amayi akuti sanaonepo mkamwini waulemu chotere. Akuti ngakhale makina anu amadziwa kuyang'ana pansi."

Chithunzi cha mapazi chinapachikidwa m'nyumba mwa apongozi, ndipo mlendo aliyense amaonetsedwa. Azakhali akuti anyamata a masiku ano atengerepo phunziro. Kumudzi ndine chitsanzo, kunyumba ndine wolakwa, pa nkhani imodzi yomweyo.

Ndinayesa kukonza. Ndinapita kwa aphunzitsi a Mwale, kamera m'manja awiri, ndinawaonetsa podina, n'kuwapempha akajambule apongozi, ngakhale okha opanda Yohane. Anabwerera osadina.

"Akana, a Kamera. Akuti sangajambulidwe ndi munthu wina aliyense, koma mkamwini wawo yekha."

Fulemu ija amake Tiza anaikhomera moyang'anana ndi mpando wanga. Amangoipukuta fumbi Loweruka lililonse. Ine ndikakhala pansi kuti ndimwe tiyi, khosi limagwa lokha.