Mawilo Asanu ndi Awiri a Bambo a Tadala

Lolemba

Faifi koloko m'mawa. Ndadzuka, pabedi mbali ya bambo a Tadala kuli zii. Ndawapeza pabalaza, pamkeka, miyendo atapinda, maso atatseka, manja ali pamaondo. Akupuma ngati munthu wopopa tayala la njinga. Ndakhosomola kawiri. Osatembenuka n'komwe. Sabata yachiwiri ino zikuchitika zimenezi.

Amuna anga ndi mlangizi wa zaulimi. Zaka makumi awiri ndili nawo, zimene amadziwa ndi fodya, feteleza ndi mpira wa pawailesi. Kukhala chete sanayambe akhalapo, ngakhale pamaliro.

Zimene zasintha:
1. Nyama akukana. Bambo a Tadala! Munthu wotafuna mpaka mafupa a nkhuku!
2. Mchere akuti wachuluka, chikhalirecho dzanja langa ndi lomwe lija.
3. Sakukalipiranso wailesi.
4. M'thumba la jekete muli kabuku.

Kabukuko ndakasuzumira iwo akusamba. Pachikuto pali nkhalamba ya ku India, kansalu m'chiuno basi, ikumwetulira ngati ikudziwa kanthu kena ka m'banja mwanga. Patsamba loyamba, ndi bolopeni yabuluu: "Savita." Dzina la mkazi limeneli. Ndine mphunzitsi, zolemba za mkazi ndimazidziwa.

Pulani yanga: pofika Lamulungu ndikhale nditadziwa kuti Savita ndi ndani, kabuku katachoka m'nyumba muno, abambo atabwerera ku nyama. Kufunsa sindifunsa ayi. Ndikawafunsa ndiwapatsa mpata wokonza bodza.

Lachiwiri

Aiwala jekete popita ku Lukwa kukaona alimi osankha fodya. Kabuku kali m'chikwama changa. Ana a Sitandade 5 ndawapatsa masamu a tsamba lonse kuti ndiwerenge mwamtendere.

Akuti m'thupi mwa munthu muli mawilo asanu ndi awiri, dzina lake chakra, ondondozana ndi msana. Loyamba lili pokhalira penipeni, lomaliza paliwombo. Lina pamchombo, lina pamtima, lina pakhosi, lina pakati pa nsidze. Lililonse ndi mtundu wake. Ndiye akuti mphamvu ya munthu imagona kunsi kwa msana itadzikulunga ngati njoka, ukamapuma mwaluso imadzuka n'kumakwera.

Njoka! M'nyumba mwanga!

Zaka zonsezi ndikuphunzitsa ziwalo za thupi. Tchati chili pakhoma: mtima, mapapo, chiwindi, impso. Wilo palibe.

Madzulo ndafunsa Mayi Nyirenda, anamwino oyandikana nafe, ngati anaonapo mawilo m'thupi mwa munthu. "Yayi, amama, ine sindinawaonepo. Kapena madokotala amachotsa ife tisanalowe." Aseka mpaka kugwira mpanda. Kenako, akuyang'ana kumbali: "Kodi abambo akupeza bwanji masiku ano?"

Akufunsiranji? Ndipo akuyang'aniranji kumbali? Nawonso ndayamba kuwaonetsetsa.

Lachitatu

Ndafika pa mbiri ya nkhalamba ija.

Ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, tsiku lina anagwidwa ndi mantha a imfa. Anagona pansi ngati mtembo, n'kudzifunsa kuti thupi likafa chotsala n'chiyani. Podzuka, mantha atha. Posakhalitsa anasiya kakalata, n'kuchoka pakhomo, ulendo wa kuphiri. Kumeneko anakhala chete nthawi yaitali, tizilombo tikumuluma ntchafu iye osamva, anthu kumachita kumuika chakudya m'kamwa. Mayi ake anamulondola akulira kuti abwerere. Sanabwerere. Anakalambira pomwepo, anthu, anyani ndi ng'ombe zikubwera kudzakhala naye.

Ndime ya mantha a imfa ija abambo aidula mzere kunsi. Ndi bolopeni yofiira. Yanga yochongera mayeso, imene ndinakalipira kalasi yonse kuti yabedwa!

Koma ine chandigwira ndi kakalata ndi phiri. Phiri la Kasungu silo, likuoneka ndikaima pawindo la kukhitchini. Pa njinga yamoto ya abambo ndi mphindi zochepa chabe.

Ndabisa:
chikwama cha paulendo,
nsapato zawo zolimba,
mapepala onse olembapo makalata.

Ndivomereze: nkhalambayo sinabere munthu, sinapemphe chopereka, sinamange nyumba yosanja. Zimenezi ndiye zikundikayikitsa kwambiri. Munthu wosafuna kanthu amafuna chiyani?

Ndapha tambala, ndakazinga bwino, fungo mpaka kumsewu. Abambo adya nyemba. "Zikomo, mayi a Tadala, mwaphika bwino." Ulemu wotere unayamba liti? Kabuku ndakabwezera m'jekete, thumba lolakwika. Angokasunthira kolondola.

Lachinayi

Mdani ndiyenera kumudziwa. Abambo ali ku Simlemba, Tadala ali ku sukulu yogonera konko, nyumba ndi yanga ndekha. Nditaweruka ndayala mkeka, ndapinda miyendo, kabuku ndakatenganso m'jekete, ndakatsegula patsogolo panga pa chithunzi cha mawilo ndi njoka.

Zimene ndamva:
m'mimba kulira,
bondo lamanzere kudandaula,
maganizo a malipoti a ana amene sindinalembe.

Wilo ngakhale limodzi osazungulira. Koma pena pake, kwa kanthawi kochepa, m'mutu munangoti zii, ndinamva njiwa pa mtengo wa mango imene sindinaimvepo chisamukireni kuno. Zinakoma. Ndiye kukoma kwakeko ndi kumene sindikukukhulupirira.

Chitseko ndinaiwala kutseka.

"Odi kuno!" Mayi Chisale, tcheya wa amayi kumpingo kwathu, ali kale pabalaza ndi uthenga wa kosesa kutchalitchi. Ayang'ana ine. Ayang'ana njoka. Ndikufuna kudzuka, miyendo yachita dzanzi yonse iwiri, ndagwera cham'mbali ngati thumba la chimanga. Ndiye ndikukwawa kupita kwa iwo, ndikuti dikirani ndifotokoze.

"Pitirizani, mayi aphunzitsi, ndibweranso." Atuluka chobwerera m'mbuyo, Baibulo atalikumbatira pachifuwa.

Mayo ine!

Lachisanu

Nkhani yafika kusukulu ine ndisanafike. Zimene ndamva pofika nthawi ya buleki:
1. Tikukhwimira fodya wa alamu anga a ku Kapelula kuti akalemere pa sikelo.
2. Kuchipinda kwathu kuli njoka, imadya nkhuku, n'chifukwa chake tinapha tambala pakati pa sabata.
3. Ine ndimayenda chokwawa ndikakhala ndekha.

Za abambo palibe akunena. Zonse ndi ine!

Ahedi andipatsa moni ali patali. Ana akhala chete tsiku lonse osawauza, maso ali pamsana panga ndikamalemba pa bolodi. Kosesa kutchalitchi andipatsa tsache n'kundisiyira khonde lonse ndekha.

Mayi Nyirenda pampanda: "Amama, bwanji osangocheza nawo abambo?" Ndinadziwa! Akudziwa kanthu!

Madzulo foni ya abambo yalira, atulukira nayo kuseri kwa nyumba. Ine ndili pawindo la bafa, ndaima pa ndowa. "Inde, Mayi Savita. Mawa m'mawa ndidutsa, ndakusungirani maungu." Mawu ofewa, amene ine ndinawamva komaliza tili pachibwenzi.

Maungu ake ati? A m'munda mwanga?

Tambala ndamumaliza ndekha. Nsapato zija afunafuna, apita kuntchito ndi za ukwati.

Loweruka

Anyamuka ndi maungu awiri kumbuyo kwa njinga. Ine pambuyo pa kabaza, duku nditakokera mpaka m'maso. Wakabaza akuti, "Mwadzuka bwanji, mayi aphunzitsi?" Duku lachabechabe.

Aima pa sitolo ya zipangizo za njinga zamoto. Alowa, atuluka opanda maungu, apita. Ndalowa ine, mawu onse nditakonzeratu. "Ndikufuna Savita."

Kwatuluka gogo. Tsitsi lonse mbuu, ndodo m'manja, magalasi okhuthala, nsalu yaitali ya kwawo ku India. Ndi mayi ake a mwini sitolo. Chichewa chawo choposa cha ahedi athu.

"Ndinu mayi a Tadala? Khalani pansi, mwana wanga. Amuna anu anagwera pamene mwaimapo."

Akuti unali mwezi watha. Abambo anabwera kudzagula tcheni cha njinga, anangoti phii pansi. Mwana wa gogoyo anawathamangitsira kuchipatala. BP yokwera zedi. Amene anawalandira kumeneko ndi Mayi Nyirenda.

"Atabwera kudzathokoza, anali ndi mantha kwambiri, ndiye ndinawabwereka buku langa. Ndinati mapiritsi choyamba, kupuma pambuyo. Ndinatinso kauzeni akazi anu. Sanakuuzeni?"

Ndafunsa za phiri. Aseka. "Amene uja anali mmodzi, mwana wanga. Enafe Mulungu timamufunira kukhitchini." Andipatsa tiyi wa zonunkhira, woyabwa pakhosi. Ndamwa makapu awiri, wachiwiri ndikulira.

Kunyumba ndapeza njinga ili pabwalo, eni ake atatuluka. Nditafunafuna ponseponse, ndatsegula kabokosi ka masipanala pa njinga. Mapiritsi ali momwemo, okulunga m'sokosi. Ndawaika patebulo, pakati penipeni, ndakhala pansi kudikira.

Alowa, awaona, avula chipewa. Achimwene awo anagwa chomwechi chaka chatha m'shedi ya fodya, sanadzukenso. Ine ndi amene ndinalira mpaka kugonekedwa kuchipatala.

"Ndimaopa kuti muyamba kundiyang'ana ngati munthu wapaulendo," atero abambo.

Ndawakalipira ola lathunthu. Iwo akungopuma bwinobwino mpaka kumapeto. Kukalipira munthu wotere n'kotopetsa.

Lamulungu

Basi. Ndagonja.

Ndiwo za lero zopanda mchere, tonse awiri, ngakhale ine sindikudwala. Lachiwiri tipitira limodzi kuchipatala, ndikamve ndi makutu anga. Mayi Nyirenda ndawapatsa moni wa mawu awiri okha. Akuti ntchito yawo siilola kuulula za odwala. Chabwino. Mawa ndiwonjezera liwu lachitatu.

Kutchalitchi benchi yathu, imene timapanikizana anthu khumi, lero tili awiri. Malo mpaka oikapo chikwama. Mayi Chisale atsogolera pemphero la "mabanja ena amene alowetsa zachilendo m'nyumba," diso limodzi lili pa ine. Akulu a mpingo akuti abwera Lachitatu kudzacheza nafe. Abwere. Adzadya nyemba zopanda mchere.

Ulaliki uli pakati, abambo atseka maso. Msana uli chilili, manja pamaondo. Kaya akupemphera, kaya ali ku mawilo awo, kaya akugona, kaya china chimene sindikufuna kuchilemba. Ndawagunyuza ndi chigongono. Apuma. Patapita kanthawi ndawagunyuzanso. Kachitatu atsegula diso limodzi.

"Ndili moyo, mayi a Tadala. Mverani ulaliki."

Ndamvera. Koma chigongono sindinachichotse.