Kusaka Nyakwawa ya ku Grenada

Lolemba
Tadala, mwana wa achemwali, wapeza mwamuna. Dzina Desmond, kwawo ku Grenada. Nkhoswe ndine, poti malume kuno ku Brampton, ku Canada, ndilipo ndekha. Achemwali aimba kuchokera ku Ntcheu: "Mudzi, mfumu, mtundu. Popanda zitatuzo mwana wanga sakwatiwa." Loweruka tikukumana ndi mayi a mnyamatayo. Masiku asanu? Nkhani yaying'ono! Ndagula kope.

Lachiwiri
Nthawi yopuma kuntchito ndikusaka dzikolo pa mapu a pa foni. Kulibe. Ndikulitsa, ndikulitsanso, ndi ako! Kadontho pakati pa madzi, ngati chitosi cha ntchentche. Ntcheu yokha ingakameze osatafuna. M'kope:
- likulu ndi St. George's
- mapiri, mvula, nyanja yamchere mbali zonse
- amalima kambewu konunkhira kotchedwa nutmeg, mpaka anakajambula pa mbendera
Ife fodya tamulima zaka zonsezi, pa mbendera sitinamuikepo.

Lachitatu
Lero za boma. Nduna yaikulu ilipo. Nyumba ya malamulo ilipo. Nyakwawa? Gulupu? T/A? Zii! Mfumu yokha imene ndapeza ndi ya ku Mangalande, yomweyi ya kuno ku Canada. Ndiye ndikauze achemwali kuti ine ndi mkamwini mfumu yathu ndi imodzi? Anditukwana mpaka foni ithe moto.

Lachinayi
Ndamuitanira tiyi mnyamatayo. Waulemu bwanji, chipewa m'manja. Ndimufunsa mtundu. Akuti, "Amalume, makolo athu anachita kubwera nawo pa zombo, ali omangidwa, kudzalima nzimbe za azungu. Mtundu wawo palibe amene anaulemba." Kapu ya tiyi ndaika pansi. Manyazi andigwira, chisoninso. Kope ndatseka.

Lachisanu
Tadala akulira pa foni: "Uncle, please, mungopeka!" Ndayesa. T/A Nutmeg? Gulupu Joji? Ayi ndithu, achemwali anali aphunzitsi, bodza amalinunkhiza lili kutali. Ndalemba zokayankhula masamba asanu: Afalansa, Angelezi, ufulu, mphepo zamkuntho. Mwina akatopa avomera.

Loweruka
Mayi a Desmond afika ndi kathumba ka nutmeg. Achemwali ali pa vidiyo, nkhope gwa. Ndayimirira, ndakonza pakhosi: "Grenada ndi dziko limene..."
Achemwali andidula: "Iwe, takhala pansi. Tawafunsa mayiwo, mchombo wa mwana wawo unagwera kuti?"
Ndamasulira. Mayiwo kuseka! Akuti anaukwirira okha patsinde pa mtengo wa nutmeg kuseri kwa nyumba, ndiwo mwambo wa kwawo. Mtengowo ulipo mpaka lero, ndipo aliyense amadziwa kuti ndi wa Desmond. Achemwali kuwomba m'manja. Kenako nthungululu, mpaka mwana wa oyandikana nafe wadzuka. "Ameneyo ndi munthu, ali ndi kwawo!"

Lamulungu
Palibe amene wandifunsa likulu. Palibe ndi mmodzi yemwe. Masamba asanu aja ndapinda, ali pansi pa mwendo wa tebulo imene imagwedera ija. Tadala wandikumbatira kutchalitchi, akuti ndine nkhoswe yabwino. Ndangovomera.
Masana uthenga wa achemwali: pa chinkhoswe pakufunika tambala ndi thadzi, zamoyo, "osati zouma za m'firiji zanuzo." Ku Brampton. Chipale chofewa chili m'mawondo.
Ndagula kope lina.