Chingwe cha Amalume

Mpaka lero ndikamva galu akuuwa mtima umandiwira, koma amene ndimamupsera mtimayo si galu ayi, ndine ndemwe.

Ndinali pa chikamwini ku Nathenje, chaka chachitatu, ndikupempha chitengwa kuti ndipite ndi mkazi wanga Naphiri kwathu ku Mitundu. Amalume ake, eni mbumba, ankangoti tiona. Ndiye ndinkayenda mosamala, kuopa kuwalakwira. Koma m'mudzimo munali agalu anayi opanda mwini, owonda nthiti kuchita kuwerengeka, amene anandisowetsa mtendere. Mazira, anapiye, ngakhale chikopa cha mbuzi chimene ndinayanika, zonse anamaliza (makomo a anzanga ankangowadutsa ngati anatsirika).

Tsiku lina apampando a chipani analengeza kuti kwabuka chiwewe. Lachinayi aliyense amange galu wake, woyendayenda a vetenale amuwombera. Pamsonkhano ponse palibe anaomba m'manja kuposa ine.

Kenaka nzeru zanga zija zinabwera. Agalu amenewa ndi ochenjera, akangomva galimoto athawira kudambo. Bwanji ndiwagwiriretu? Lachinayi m'mawa ndinawanyengerera ndi matumbo a nkhuku n'kumawamangirira pa mtengo wa mango mmodzimmodzi. Thalauza linang'ambika, bondo linasupuka, koma atatu anatheka. Wachinayi chingwe chinasowa.

Pakhonde pa amalume panagona Adzatopa, galu wawo wa uzimba, amene ankamukonda kuposa akamwini tonse kutiphatikiza. Anali atamumanga ndi chingwe chatsopano cha khonje, iwo n'kupita kudimba. Ndinati uyu ndi nkhalamba, sachoka pakhonde. Ndinamumasula, chingwecho n'kukamangira wachinayi uja.

Galimoto itangotulukira, Adzatopa (amene chaka chonse sindinamuonepo akuthamanga) anadzambatuka kukaiuwa kumsewu. Ndinangomva kuti phuu!

Wa vetenale amene anawomberayo anafika pa mango, mnzake atanyamula jakisoni ndi chitini cha penti.

"Agalu awa ndi a ndani?"

"Alibe mwini, bwana. Ndakugwirirani kuti muwaphe."

"Wawamanga ndani?"

"Ine, bwana."

"Ndiye ndi anu. Womangidwa ife sitiwombera. Kapena mukufuna kutsutsana ndi boma?"

Masiku amenewo funso limenelo sunkaliyankha. Anawabaya jakisoni onse anayi, n'kuwapaka penti wofiira pamutu. Ngati kuti sizinakwane, anandiyamikira pamaso pa anthu kuti ndine chitsanzo chabwino pa kasungidwe ka agalu. Ndinkafuna kulira ndi ukali.

Amalume atabwera anayang'ana Adzatopa ali gone, atafa, n'kuyang'ana chingwe chawo chili m'khosi mwa wakuba mazira. Sanakalipe, bola akanakalipa. Anangolowa m'nyumba n'kuitana Naphiri.

Iye anatuluka nkhope ili gwaa. "Akuti chitengwa munkachifuna chija chatheka. Tinyamuke mawa. Akutinso ziweto zanu musasiyeko ngakhale chimodzi."

Umu ndi mmene ndinatengera mkazi: popanda nthungululu, popanda wotiperekeza. Naphiri anali patsogolo, katundu pamutu. Ine pakati, agalu anayi ofiira mitu pambuyo, michira ili m'mwamba.

Mayi anatilandira pabwalo, n'kuwerenga alendowo ndi chala.

"Mwanawe, anzako akamachoka kuchikamwini amabwerako ndi mbuzi."

Dzuwa lisanalowe, agalu aja anali atapeza kale pamene nkhuku ya mayi inkaikira. Kuyambira tsiku limenelo, chilichonse choyendayenda ndimachisiya chiziyenda. Chingwe changa ndimamangira nkhuni basi.