Chitini cha Ba Edwell

Ku komboni ya George kuno tinali ndi munthu amene anagwira ntchito yopha agalu zaka khumi ndi chimodzi, osapha galu ndi mmodzi yemwe. Ndikunena Ba Edwell, mkulu wowonda uja wa ovolosi ya buluu, chidebe cha mafupa m'manja, chitini cha poizoni kukhwapa.

Anawapatsa ntchitoyo ndi Ba Monde, mayi wogulitsa nyama pamsika, chaka chimene agalu opanda mwini ochokera kudzala la ku Chunga analuma mdzukulu wawo akupita kusukulu. Mwanayo anachira ndi majakisoni, koma Ba Monde analumbira msika wonse ukumva kuti agaluwo aona polekera. Chitini anakagula okha. Ba Edwell, poti kale ankagwira ntchito pafamu ina, anati zimenezi n'zakumanja kwawo.

"Imbwa ni yochenjela, amai," anatero. "Simungaike poizoni siku yoyamba. Muyamba na nyama yabwino kuti zijaile. Zikajaila, ndiye mwaika."

Zinamveka zanzeru ndithu. Ba Monde anayamba kuwasungira mafupa ndi matumbo. M'mawa uliwonse Ba Edwell ankaimba mluzu pakona, n'kumatsika njira ya ku Chunga akuponya mafupa, agalu ali pambuyo pamzere ngati kwaya.

Patatha mwezi Ba Monde anafunsa: "Ba Edwell, manje muzaika liti?"

"Mailo. Kuli kamozi kakalibe kujaila."

Mawa lakelo silinafike. Kagalu kaja kanazolowera, koma kenaka kanabereka, ana akenso anafunika kuzolowera. Nthawi ya dzinja anati poizoni sagwirizana ndi mvula. Mvula italeka anati dzuwa limamutha mphamvu. Ba Monde mutu unkangowazungulira, pakuti agalu oyenera kufa anali atanenepa, ubweya uli see. Tsiku lina anamva mkuluyo akuitana galu wina kuti Robert.

"Mwazipasa na maina?"

"Nanga nizaziba bwanji yamene yafa?"

Anzawo pamsika sankawasiya Ba Monde. "Munalemba wopaya imbwa olo munazisegulila lesitilanti?" Iwo ankapsa mtima, kuwazazira Ba Edwell pagulu, n'kulumbira kuti za mafupa zatha. M'mawa mwake ankapezeka atadzaza chidebe, eni akewo osadziwa chifukwa chake.

Ba Edwell anatisiya mwezi wa Juni, chifuwa cha masiku atatu basi. Kumanda Abusa Kunda analalikira diso lili kumbali, chifukwa kuseri kwa mulu wa dothi kunali agalu oposa makumi awiri atangokhala phee. Chitini chija achibale anachipeza pansi pa bedi chili dzimbiri lokhalokha, chosatsegulidwapo n'kamodzi komwe. Anakachibweza kwa mwini wake, Ba Monde.

Lolemba lotsatira agalu anadikira mluzu pakona paja. Ataona kuti kuli zii, anamwazikana m'njira ya kusukulu, ana n'kumathawa akukuwa, zikwama zili mbwee. Ba Monde ataima pakhomo ndi pomwe chinawafika pamtima: mluzu uja unkalira nthawi yeniyeni imene ana amanyamuka, ndipo zaka zonsezo palibe mwana analumidwa. Kaya mkuluyo anachita kukonza dala, kaya analibe chabe mtima wopha, mpaka lero sakudziwa. Chimawapweteka n'chakuti sanawafunsepo mwaulemu, ankangowakalipira.

Masiku ano George amadzuka popanda mluzu, ndipo tonse timausowa. Koma mukalawirira mudzaona mayi wachikulire akutsika njira ya ku Chunga, chidebe m'manja, chitini kukhwapa. Mluzu satha, amangogogoda chidebecho ndi fupa. Dzana mdzukulu uja, yemwe pano ali ku koleji, anawaimitsa pakona.

"Ambuya, manje muzaika liti?"

Ba Monde anayang'ana Robert, amene tsopano ali ndi imvi kukamwa, n'kuyang'ananso chitini.

"Mailo," anatero. "Zikalibe kunijaila."