Tsiku limene chifuwa changa chinayankhula m'tchalitchi

Anzanga, sekani momasuka, ine manyazi anatha kalekale.

Atandichotsa bere lakumanzere chifukwa cha khansa, anandipatsa makomprimido oti ndizimwa m'mawa uliwonse kwa zaka zingapo, ati ndikamadukiza matenda akhoza kubwerera. Koma ine kuiwala ndiye kwanga. Lero ndamwa, mawa ndathamangira kukayanika usipa, ndikukumbuka mankhwala dzuwa lili paliwombo, mwinanso osakumbuka n'komwe. Enfermera wathu, namwino wa kuchipatala, atatopa nane anatenga foni yanga n'kuikamo kabelu kokumbutsa.

"Mujambulemo mawu a munthu amene simungamunyozere," anatero.

Ndinasankha amuna anga, bambo a Joana, msodzi amene akakuwa ali m'bwato kuno ku Msumba, a ku Likoma amayankha. Anakajambula ali okha kuseri kwa nyumba, ndipo mawuwo ndinkawamvera kuchipinda, chitseko chotseka, poti za matenda angazi sindinkafuna anthu adziwe. Ambiri ankangodziwa kuti ndinakagonekedwa kutauni, basi.

Tsono mbali yopanda bere ija ndimaikamo kansanza kuti kamisolo isaphwe. Ndinaona kuti foni imakwanamonso bwinobwino. Nanga thumba laulere n'kulisiya?

Lamulungu lina tinkabatiza mdzukulu wanga, ndinadzuka ndi phuma, kusita, kumusambitsa mwana, kuthamangira kutchalitchi, mankhwala osamwa, kabelu osazimitsa. Misa inayamba bwino. Tinagwada kuti tilape machimo, tchalitchi chonse zii, kenaka pachifuwa panga panaphulika mawu:

"Amake Joana! Imwani mankhwala! Musandisiye ndekha, ndimakukondani ine!"

Mayo ine! Anthu onse anacheukira kumbali ya azibambo. Amuna anga ali pompo, pakamwa potseka, maso ali tong'o ngati chambo chapamsika. Nanga mawu awo akuchokera kuti? Ndinayamba kudziguguda pachifuwa kuti foni ikhale chete, phaa, phaa, mpaka amayi Luwiza a kwaya, amene anagwada pafupi nane, anandigwira mkono.

"Lapani pang'onopang'ono, amwali," anandinong'oneza. "Mwachimwa chiyani chachikulu chotere?"

Foni inakhala chete, ine n'kuti Ambuye andimvera. Sindinadziwe kuti ndangoigoneka. Nthawi ya mgonero nditagwada kutsogolo, manja nditatambasula, apadiri ali patsogolo panga ndi chikho, bambo a Joana anadzukanso m'kamisolo:

"Amake Joana! Imwani mankhwala!"

Apa panalibenso kubisa. Ndinapisa dzanja m'bulauzi pamaso pa apadiri ndi mpingo wonse n'kuisolola, koma foni inatuluka ndi mnzake, kansanza kaja, kamene kanagwera pamapazi pa apadiri. Ndipo si kansalu kabwino ayi, n'chidutswa cha malaya akale a amuna anga, batani lili pomwepo! Chifuwa changa mbali imodzi chinangoti fwaa. Foni ikupitiriza m'manja mwanga kuti imandikonda, ine batani lozimitsira osalipeza.

Apadiri analuma mlomo, mapewa akugwedezeka, kenaka anawerama pang'ono. "Mayi, amuna anu akunena zoona. Pitani mukamwe. Ambuye sachoka, muwapeza."

Ndinatola kansanza kanga n'kuyenda pakati pa tchalitchi mpaka kukhomo, ndipo njira imeneyo sinatalikepo chotero chibadwire changa.

Madzulo ake amayi Luwiza anabwera kunyumba, ine n'kuti abwera kudzandiseka. Anaseka ndithu, mpaka misozi, koma atamaliza anatsitsa mawu n'kundiuza kuti ali ndi kachotupa m'bere kamene akhala akubisa. M'mawa mwake ndinawaperekeza kuchipatala.

Chiyambire tsiku limenelo sindinadukizepo, nanga n'kudukiza bwanji? Ndikangotuluka panja, wopita kumunda, wochokera kunyanja, aliyense, "Amake Joana, mwamwa?" Koma wovutika kwenikweni ndi amuna anga. Akamakankha bwato, asodzi anzawo amaima pamchenga n'kukuwa pamodzi ngati kwaya, "Musatisiye tokha, timakukondani ife!"

Ine ndinalumbira kuti foni sidzalowanso m'tchalitchi, ngakhale itandilonjeza kuti yalapa. Nawo bambo a Joana analumbira zawo. Ati enfermera akadzafunanso mawu awo, adzangotsokomola.