Ugadiyani wa ku Koleji

Lolemba

Monika waimba ndili pakati posenda chinangwa. Mwana wanga mmodzi yekhayo, chaka choyamba ku koleji ku Mzuzu. Akuti a lekichala a masamu amulembera kalata yomutumiza ku ofesi ina, ya anthu othandiza ophunzira amene ayamba kutsalira.

"Sanandichotse sukulu, amayi. Akuti andiona msanga, basi."

Mpeni wagwa.

Kalata yotumiza munthu kwina ine ndimaidziwa. Malemu bambo ake anawalembera yotere kuchipatala cha pachilumba pano, kuti ife talephera, wolokani nyanja. Ndinawoloka nawo ngati gadiyani. Miyezi iwiri ndikuphika m'shedi, kugona pasimenti. Kwa iwowo kalata inachedwa.

Munthu wolemberedwa kalata sapita yekha. Sitima ikudutsa Loweruka. Ndikupita!

Koma zodabwitsa. Monika akuti m'kalasi mwawo mumadzaza ngati tchalitchi cha ku Chipyela tsiku la Pasaka. Mitu yonseyo, munthu mmodzi kutsogolo, n'kuona mwana wanga! Maso otani amenewo?

Ndamuimbira kanayi kumufunsa ngati wadya. Akuyankha monong'ona. Mwina pakhosi.

Lachiwiri

Katundu wa gadiyani:
mphasa
mapoto awiri, mthiko, chipande
ufa wa kondowole, ndowa yodzaza
usipa wouma
makala, ndagula kwa amalonda akutsidya
zitenje zitatu, ku Mzuzu kumazizira
tambala wofiira uja, wa a lekichala

Tambala ndamumanga mwendo pamtengo wa mango kuti azolowere ulendo. Akundiyang'ana moipa.

Zimene zikundidetsa nkhawa:
Kodi a lekichala amalonjeredwa bwanji? Ndigwade pansi kapena kungopinda mawondo?
Akandiyankhula Chingerezi? Changa chinathera Sitandade 4.
Kodi ofesiyo ili ndi mabedi angati?

Monika sindinamuuze kuti ndikubwera, angade nkhawa. Ndamuimbira kasanu. Kachitatu akuti, "Amayi, ndili m'kalasi." Mwana wakhama! Nthawi iliyonse ndikaimba ali m'kalasi.

Lachitatu

Ndapita kwa alamu anga a Barnaba. Iwo anasesapo pa koleji ku Bulawayo zaka zambiri, ndiye zinthu za kumeneko amazidziwa. Monika watumiza chithunzi cha kalata ija pafoni yawo yaikulu. Avala magalasi, akundiwerengera.

Si kalata wamba ayi. Ndi pepala la timabokosi! Bokosi la wosabwera m'kalasi, bokosi la wosapereka ntchito, bokosi la wooneka wotopa, bokosi la wokhala yekhayekha. Mpaka kutopa kwa mwana kuli ndi bokosi lake! A Barnaba akuti lekichala aliyense amayenera kuchonga teremu isanafike pakati, mwana asanamire. Akachonga, pepala limapita lokha pakompyuta, a ku ofesi n'kumuitana mwanayo. Lokha! Popanda wolinyamula!

Ndakhala kaye pansi. Ine nditasiya sukulu, aphunzitsi anadziwa patapita teremu yathunthu, tsiku limene anasowa wosesa.

Kwa Monika achonga pawiri. Walephera timayeso tiwiri. Ndipo amatuluka m'kalasi pafupipafupi.

Amatuluka pafupipafupi!

M'mimba. Ndinadziwa ine. Nyemba za ku hositelo zija. Kapena chikhodzodzo. Kapena china chimene sindifuna n'kulemba komwe.

A Barnaba akuti, "Mlamu, ku koleji kulibe shedi ya magadiyani. Mukagona pati?"

Ndikagona pakhonde. Ndinagonapo poipa kuposa pamenepo.

Ndamuimbira kasanu ndi kawiri. Akuti m'mimba muli bwino. Akubisa.

Lachinayi

Mwera wadzuka. Mabwato onse ali pamtunda, amuna a kuno ku Khuyu angokhala akusoka maukonde. Ukapitirira mpaka Loweruka ndisanza njira yonse, koma ndipita.

A Barnaba aulula za ulendo wanga. Monika waimba yekha, mawu ali pamwamba.

"Amayi, mukubwera kudzatani? Ofesiyo ili kuseri kwa laibulale. Ndinapitako kale Lachiwiri, wapansi."

Anapita kale! Yekha! Wopanda womunyamulira ngakhale madzi akumwa!

Akuti anamulandira mayi wina, anamukhazika pampando wofewa, n'kumufunsa mafunso ola lathunthu. Amadya? Amagona? Amamva zimene a lekichala akunena? Amupatsa mtsikana wa chaka chachitatu woti azimuthandiza masamu kawiri pa sabata, ndi gulu la anzake owerenga nawo. Palibe anamukalipira. Palibe anamugwiritsa khasu. Kulephera mayeso n'kupatsidwa mpando wofewa! Dziko lapita patali.

Zochotsa pakatundu:
makala, akuti ku hositelo moto n'ngoletsedwa
mapoto, mthiko, chipande, chifukwa chomwecho
mphasa, akuti alonda sangandilole kugona pakhonde

Zowonjezera:
masamba a gwafa, a m'mimba

Ofesi yamufunsa zambiri, koma za m'mimba mwana sangauze mlendo. Zimenezo n'za mayi ake. Ulendo ulipobe.

Ndamuimbira kasanu ndi kamodzi. Kamodzi ndamva mawu aakulu a bambo akuyankhula Chingerezi chapatali, kenako chitseko. A lekichala amene! Ndamva mawu awo ndi khutu langali. Ndinaimirira osadziwa.

Lachisanu

Tambala walephera mayeso.

A Barnaba akuti mphatso kwa lekichala mayeso asanachitike ndi ziphuphu. "Adzamuchotsa ntchito munthuyo, mlamu, ndi mwana wanu yemwe." Munthu wakuonera mwana pakati pa khamu, osaloledwa ngakhale nkhuku! Ndiye amawathokoza ndi chiyani anthu amenewa? A Barnaba akuti mwana akakhoza, kuthokoza kwake n'komweko. Sindikumvetsa, koma ndamasula chingwe. Tambala wathamangira kuseri osatsanzika.

Ufa nawo watsala. Wopanda poto ufa n'ngwachiyani?

Opita paulendo: ine, zitenje, usipa, masamba a gwafa.

Ndamuimbira m'mawa, foni yotseka. Ndaimbanso, yotseka. Kasanu ndi katatu, yotseka! Ndathamangira kwa a Barnaba mpango uli m'manja. Akuti mwina batire. Batire yanji yofa tsiku lonse? Ndaona kale zonse: wakomoka kuchimbudzi, amunyamula pamachira, akufunsa gadiyani ali kuti, palibe woyankha.

Madzulo uthenga wafika. "Ndili bwino. Ndinali m'kalasi. Mawa musakwere musanalandire foni."

Foni ya ndani?

Loweruka

Ndanyamuka m'mawa wapansi mpaka ku Chipyela, chikwama pamutu. Mwera wachepa. Padoko anthu ali pikitipikiti, matumba a usipa, mbuzi, mayi wina ndi wodwala wake ndi mapoto awo. Ameneyo ndiye gadiyani weniweni, wa mapoto. Ine ndikuoneka ngati wopita ku ukwati.

Ndili pamzere, foni. Nambala yachilendo. Mawu a mayi, ofatsa, Chichewa chomveka bwino. Ndi a ku ofesi ija! Akuti Monika wawapempha kuti ayankhule nane, iye akuopa kundikhumudwitsa. Ndatula chikwama, ndagwada pamchenga pomwepo. Anthu akundilambalala.

"Mayi, mwana wanu ndi wanzeru, ndipo m'mimba mwake muli bwino. Amatuluka m'kalasi kukayankha foni yanu. Akuti akapanda kuyankha, inu mumaganiza kuti wamwalira."

Ndati zoona, ndimaganizadi choncho.

"Akatuluka masamu ali pakati, pobwera amapeza anzake ali patsogolo. Dzulo tinamupempha atseke foni, ndipo wakhala m'kalasi mpaka kumapeto."

Bokosi lachiwiri lija, la kutuluka m'kalasi, ndine.

Manyazi andigwira mpaka kumapazi. Koma taonani zinthu! Bambo wa masamu uja, amene sanapondepo pachilumba pano, sadziwa nkhope yanga, waima kutsogolo kwa khamu ku Mzuzu n'kuona matenda ali ku Khuyu, kutsidya kwa nyanja yonseyi. Ngakhale makina a kuchipatala aja saona patali chotero.

Mayiwo sanandikalipire. Akuti amulembera Monika ndondomeko ya sabata yonse, nthawi ya kalasi, ya gulu, ya kugona, ndipo inenso ndilimo. Lamulungu, 3 koloko masana: Amayi. Ndawafunsa kawiri ngati zalembedwadi. Akuti zalembedwa, ndi kompyuta, zamatidwa pakhoma.

Ine wa Sitandade 4, pa pepala la ku koleji!

Usipa ndapatsira mayi wa mapoto uja, akadye ndi wodwala wake. Sitima yapita. Ndabwerera wapansi, masamba a gwafa ali pamutu.

Lamulungu

Kutchalitchi ndawapempherera a lekichala. Dzina sindilidziwa, ndangoti a masamu, Mwini adziwa.

Mphasa yabwerera pamalo pake. Mapoto pamalo pake. Makala ndiphikira ndekha mpaka mvula.

Kuyambira 1 koloko ndakhala pakhonde, foni pamiyendo, mafunso khumi ndi limodzi ndalemba kuseri kwa kalendala. 3 koloko yeniyeni yalira. Waimba yekha! Wayankhula osapuma, mokweza, osanong'ona: za mtsikana womuthandiza uja, za kamayeso ka Lachisanu kamene wakhoza kopitirira theka, za a lekichala amene anamuitana ndi dzina lake pakhomo n'kumuuza kuti apitirize. Za masamu sindinamvepo kanthu. Ndimangoti eya, eya. Pa mafunso anga ndafunsa limodzi lokha, ngati wadya. Wadya.

Titamaliza, chala chapita chokha pa nambala yake. Ndachigwira ndi dzanja linalo.

A Barnaba abwera kudzatenga foni, aisunga kwawo mpaka Lamulungu. Akuti pakachitika kanthu Monika aimbira iwo. Ndawauza kuti ndikabwera kudzaipempha asandipatse, ngakhale ndilire. Akuti ndisade nkhawa, sandipatsa. Ayankha msanga kwambiri.

Kwa bambo ake a Monika ugadiyani unali kugona pasimenti miyezi iwiri. Uwu ndi kukhala chete masiku asanu ndi limodzi, ndipo sindikudziwa ngati ndiutha.

Tambala akulira pamtengo wa mango. Sakudziwa kuti anatsala pang'ono kupita ku koleji. Tatsala tonse awiri.