Kumene Madzi a Injini Ankapita

Za mpunga wanga wa chaka chatha musandifunse. Theka lake linapsa ndi dzuwa, ndipo wolipsereza ndine ndemwe, sipanala ili m'manja.

Kudimba kwathu ku Bwanje (ndikuti kwathu, komatu ndine mkamwini) kuli injini yakale ya dizilo yopopa madzi, imene malemu apongozi aamuna anagula atabwera kumigodi ya ku Joni. Dzuwa litafika poswa mtengo, ndinaona kuti madzi a mu ladiyeta, oziziritsa injiniyo, akuchepa. Osati kwambiri ayi, pang'onopang'ono basi. Ndidzaze m'mawa, pofika masana atsika. Kunena zoona, nkhaniyi inandipatsa chidwi kuposa mantha. Madzi alibe miyendo, nanga akupita kuti?

Ndinayala katoni pansi pa injini, inakhala youma gwa! Mapaipi onse ndinawasisita ngati ndikugula mbuzi pamsika. Ndinasuzumira oyilo kuti mwina wasanduka ngati mkaka, ndinanunkhiza utsi mpaka kutsokomola. Palibe chimene ndinapeza.

Mnzanga wina woyendetsa minibasi ku boma anandipatsa nzeru. "Achimwene, swerani dzira laliwisi mu ladiyetamo, limamata timabowo tosaoneka." Ine pofuna kutsimikiza ndinaswera angapo (nkhuku za akazi anga n'kunamiziridwa kuti zasiya kuikira). Madzi anapitirirabe kuchepa.

Apa ndinagamula kuti vuto lili m'kati. Ndinamasula mutu wa injini, ine amene ngakhale njinga ndimapititsa kwa okonza. Gasiketi, chomatira cha pakati pa mutu ndi thupi la injini, inali bwinobwino mpaka pamene ndinaing'amba poichotsa. Ina yolowa m'malo mwake inasowa m'masitolo onse a pa Ntcheu, ndipo mpunga unayamba kupinda masamba ndikuona ndi maso angawa. Mtima unandiwawa zedi.

Tsiku lina ndikupukuta girisi m'manja, akazi anga anati, "Bambo a Chisomo, amayi akufunsa kuti injini muidzutsa liti. Miyendo yawo yayambanso."

"Miyendo ikugwirizana bwanji ndi injini?"

"Iii, simudziwa? Amatsegula kampopi kapansi kaja n'kutungako madzi otentha othowera nyamakazi. Anawaphunzitsa ndi ababa, ati kumigodi ankatero."

Apa m'pamene ndinakumbukira. Tsiku ndi tsiku apongozi akatulukira kudimba ndi kabeseni kawo, ine monga mkamwini waulemu ndinkapatuka, n'kukaima kuseri kwa nthochi, nkhope kumbali, mpaka atapita. Ndinafufuza paliponse, kupatula pamene mwambo unandiletsa kuyang'ana.

"Atinso ndikuuzeni," anawonjezera mayi a Chisomo, "madziwo masiku apitawa amanunkha mazira. Muziisamala injini ya malemu."

Gasiketi inapezeka ku Lilongwe, mpunga wa kumtunda utauma kale. Mpaka lero apongozi akatulukira ndimathawirabe kunthochi. Kungoti tsopano ndimapita ndi chigubu chodzaza madzi, n'kumadikira kuti amalize kutunga.